Pa Khonde la Katekisti: Kompyuta Imayambira pa Pensulo



Tsiku lina la Sabata, Misa itatha, tili kupinda nsalu za pa guwa, anatipeza amai ena a mu mphakati wathu, amasiye amene alera ana anai ndi ulimi wa cimanga ndi nshawa. Atagwada ndi kupereka moni, anamasula mfundo ya citenje natulutsa kalata. Mwana wao wacisamba, amene anatsiriza Giredi 12, wapatsidwa malo pa koleji kuti akaphunzire za makompyuta. Pa kalatapo panandandalikidwa maphunziro a caka coyamba, ndipo awiri mwa iwo ndiwo anali kuwasowetsa tulo: la kulemba mapulogalamu, ndi lina lochedwa database.

"A Katekisti," iwo anatero, "anthu akundiuza kuti ndigulitse imodzi mwa ng'ombe ziwiri zimene anasiya atate ake, ndimgulire laputopu yamphamvu, apo ai akalephera. Ine kompyuta sindinaikhudzepo ndi cala comwe. Kodi ndicite ciani?"

Amene analimapo ndi ng'ombe adziwa kulemera kwa funso limeneli. Goli silisenzedwa ndi ng'ombe imodzi. Kugulitsa imodzi ndiko kubwezera banja lonse ku khasu, ndi kucepetsa munda umene udyetsa ana atatu otsalawo. Sitinafulumire kuyankha, pakuti safunsa anadya phula. Tinapita kwa aphunzitsi a makompyuta a pa sekondale, amenenso ali akulu a kwaya yathu, ndipo tinaceza nao madzulo angapo. Zimene tinatolako tifuna kugawana nanu, popeza kuyambira 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake, mabanja ambiri m'maparishi athu ali ndi ciyembekezo colandira makalata otere, kaya ocokera ku University of Zambia, ku Copperbelt University, ku Evelyn Hone kapena kwina. Mwacidule nazi: maphunziro awiriwa afuna mutu wozolowera kuika zinthu m'dongosolo lake, ndi mtima wosalola kulemba cinthu cosaona. Zonse ziwirizi mwana angayambe kuziphunzira lero lomwe, pa khonde, ndi pensulo ndi kope.

Wanchito womvera koma wopanda nzeru

Mukatuma mwana kuti apite kucigayo, iye adziwa yekha kuti ayenera kutenga thumba la cimanga ndi ndalama, ndi kuti akapeza cigayo cotseka abwerere kunyumba. Kompyuta siitero. Ndi wanchito wacangu zedi, wosatopa ndi wosaiwala, koma wopanda nzeru zakezake. Imacita cimene mwaiuza, ngakhale cikhale cosiyana ndi cimene munali kuganiza. Mukaiwala kuiuza zocita ikapeza cigayo cotseka, idzaima pakhomopo mpaka dzuwa kulowa. Tsono kulemba pulogalamu ndiko kuyala malangizo mwa ndondomeko, limodzi pambuyo pa linzake, osasiya mpata woti wotumidwayo alote. Ndondomeko yotere akatswiri amaicha algorithm, dzina locokera kwa katswiri wa masamu al-Khwarizmi, amene anagwira nchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800.

Citsanzo cabwino tili naco m'nyumba mwathu momwe, pa kalendala yopacikidwa pa cipupa. Kale Akristu anali kutsata kalendala ya Julius Caesar, imene inali kuonjezera tsiku limodzi pa zaka zinai zilizonse. Lamulo limenelo linali lopitirira pang'ono, ndi mphindi pafupifupi 11 pa caka. Mphindi 11 zioneka zocepa, koma pakupita kwa zaka mazana ambiri zinaunjikana kufikira masiku 10, ndipo kuwerengera kwa tsiku la Pasaka kunayamba kusokonezeka. M'caka ca 1582 Papa Gregory XIII anakonza colakwaco: tsiku lotsatira 4 Okutobala linakhala 15 Okutobala. Teresa Woyera wa ku Avila anamwalira usiku womwewo wa pa 4, ndipo cikondwerero cake timacicita pa 15. Kuti colakwaco cisabwerenso, Papa anaika lamulo latsopano, limene tingalilembe motere:

Tenga caka, ucigawe ndi 4. Pakakhala cotsala, Febuluwale ali ndi masiku 28, ndipo nchito yatha. Pakapanda cotsala, ucigawe ndi 100. Apa pakakhala cotsala, masiku ndi 29. Pakapanda cotsala, ucigawenso ndi 400: cikagawika bwino lomwe, masiku ndi 29, cikapanda kutero, ndi 28.

Yesani nokha. Caka ca 2024 cipatsa 29, ca 1900 cipatsa 28, ca 2000 cipatsa 29, ndipo ca 2100 cidzapatsa 28. Aphunzitsi aja anaseka pamene tinachula za kalendala, nati funso lomweli ndi limodzi mwa mafunso amene oyamba kulemba mapulogalamu amapatsidwa kawirikawiri. Mwana akangogawa ndi 4 naiwala zotsatirazo, pulogalamu yake idzaoneka yolondola pa zaka zonse kuyambira 1901 kufika 2099, ndipo idzanama pa 2100. Apa ndi pamene wophunzira amazindikira kuti pulogalamu iyenera kuyesedwa ndi zitsanzo za m'mphepete, zija zimene munthu wofulumira sazikumbukira.

Makolo, funsani mwana wanu akuonetseni m'makope ake a masamu zithunzi za mabokosi ndi mivi zochedwa flowchart. Anakumana nazo kale pokonzekera mayeso a Giredi 12, ndipo ambiri anangoziloweza kuti apambane. Tsopano azibwererenso ndi mtima wina. Alembe ndondomeko yophikira nsima, yogulitsira nshawa pa meda ndi kubweza chenji, yowerengera copereka ca pa Sabata. Akatero aipereke kwa mng'ono wake, amene ayenera kuitsata monga yalembedwera, osaonjezera nzeru zake. Pamene mng'onoyo athire ufa m'madzi ozizira cifukwa mkulu wake anaiwala kulemba za moto, banja lidzaseka, koma phunziro loyamba lidzakhala lalowa.

Buku la ubatizo

Mau akuti database anatiopsa ifenso poyamba. Koma aphunzitsi aja atafotokoza, tinangogwira pakamwa, pakuti tinazindikira kuti tagwira nchito imeneyi zaka zoposa makumi awiri osadziwa dzina lake. Database ndi nkhokwe ya zolembedwa, yokonzedwa mwa njira yakuti cimene ufuna ucipeze msanga, ndiponso ucipeze coona. Eklezia wakhala akusunga nkhokwe zotere kuyambira kale. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unalamula ansembe a m'maparishi kulemba maukwati ndi maubatizo m'mabuku. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 535, afuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira, ndiponso kuti Ulimbitso, ukwati kapena unsembe wa munthu zilembedwe pa mzere wake m'buku la ubatizo.

Tsegulani buku lotere m'maganizo mwanu. Tsamba lagawidwa m'madanga otsika pansi: nambala, dzina, tsiku lobadwa, mudzi, atate, amai, kholo la ubatizo, wansembe wobatiza. Mzere uliwonse wopingasa ndi munthu mmodzi. Ophunzira makompyuta amacha tsamba lotere tebulo. Nambala yoyambirira ija, imene siipatsidwanso kwa munthu wina, iwo amaicha primary key, ndiko kunena kiyi yotsegulira mzere umodzi wokha. Ndipo nambala ya ubatizo ikalembedwa m'buku la maukwati kuti iloze pamene mkwatibwi analembedwa, amaicha foreign key. Katswiri wina wa pa kampani ya IBM, Edgar Codd, ndiye anayala mu 1970 malamulo a matebulo olozana motere, ndipo cinenero cofunsira matebulowo, cochedwa SQL, cinayambika pa kampani yomweyo m'zaka zotsatira. Mwana wathu akamadzalemba SQL adzakhala akufunsa mafunso onga amene a Bambo Mfumu amatifunsa ife: Ndi angati anabatizidwa caka cakuti? Ndani mwa iwo sanalandirebe Ulimbitso?

Tsono tiulule colakwa cathu, kuti ena atengerepo phunziro. Zaka zapitazo tinalandira cikalata codziwitsa kuti mtsikana wina wobatizidwa kwathu wamanga ukwati ku parishi ina ku Lusaka, ndipo tinapatsidwa nchito yolemba zimenezo pa mzere wake. Tinatsegula buku, tinapeza dzina, tinapeza mudzi, tinalemba. Nambala sitinaiyang'ane. Koma kwathu kuno a Phiri ndi a Banda ali ponseponse, ndipo a Maria ndi ambiri ngati mcenga. M'bukumo munali atsikana awiri a dzina limodzi, a mudzi umodzi, obatizidwa caka cimodzi. Patapita zaka zitatu mtsikana winayo anabwera ndi bwenzi lake kudzalembetsa ukwati, ndipo buku linanena kuti iye ngwokwatiwa kale. Zilengezo zinaimitsidwa. Akucimuna anayamba kunong'ona. Mwana wosalakwa analira masabata asanu ndi limodzi, kufikira makalata atayenda uku ndi uku ndipo coona cinaoneka. Tinapita kukapepesa ku mabanja onse awiri, ndipo anatikhululukira, koma misozi ija sitinathe kuibweza.

N'cifukwa cake aphunzitsi a database amaumirira kuti dzina la munthu silingakhale kiyi, ndi kuti cinthu cimodzi cilembedwe malo amodzi okha. Boma nalo linaika nambala pa reji ndi colinga comweco, kuti a Phiri awiri asasokonezedwe.

Mabuku a parishi si oyeserapo. Malamulo a Eklezia aletsa kuti agwe m'manja mwa anthu akunja, conco mwana asapemphe kuwajambula ndi foni. Ayambe ndi za pakhomo. Ngati amai ake amagulitsa nshawa ndi tomato, nthawi zina pa ngongole, iye akonze masamba atatu. Pa loyamba alembe ogula, aliyense ndi nambala yake ndi mudzi wake. Pa laciwiri alembe katundu, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Pa lacitatu alembe tsiku, nambala ya wogula, nambala ya katundu, kuculuka kwake ndi ndalama zotsala. Pamenepo mumfunse kuti: wogula mmodzi akasamukira mudzi wina, udzafafaniza malo angati? Akayankha kuti amodzi, wamvetsa mutu wa phunziro limene ku koleji amalicha normalisation. Akayankha kuti khumi, ayambirenso.

Miyezi yodikira isapite pacabe

Pakati pa kutuluka kwa zotsatira za mayeso ndi kutsegulira kwa koleji pamakhala miyezi imene acinyamata ambiri amaithera pa msika ndi pa Facebook. M'mera mpoyamba. Nazi zimene aphunzitsi aja anatilangiza, ndipo ife tionjezerapo mau athu.

Coyamba, mabuku a masamu asaperekedwe kwa ogulitsa vitumbuwa. Mwana abwerere ku algebra, kumene x imaimira nambala imene ingasinthe, pakuti pulogalamu iliyonse ili ndi timabokosi totere tosungira zinthu zosinthasintha. Abwererenso ku maseti ndi zithunzi za Venn, popeza mafunso a SQL amangidwa pa maziko omwewo: amene ali m'gulu ili ndi m'gulu ilo, amene ali m'gulu ili koma mulibe m'gulu ilo.

Caciwiri, azolowere kuwerenga Cingerezi mwacifatse. Kompyuta ikakana pulogalamu imalemba cifukwa cake, ndipo kawirikawiri imachula ndi mzere womwe pali colakwa. Oyamba ambiri akaona malembo ofiira amacita mantha, nathamangira kufufuta zonse osawerenga. Wowerenga modekha amapeza kuti vuto linali kadontho kamodzi kosowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacitatu, aphunzitse zala zake kutaipa, zonse khumi, osayang'ana pansi. Apemphe mpata ku sukulu imene anaphunzirako kapena kwa wacibale wokhala ndi makina. Ngakhale mabatani ojambulidwa pa katoni angathandize zala kudziwa malo.

Cacinai, asankhe cinenero cimodzi ca mapulogalamu, ndipo cikhale cimene koleji yake imayambira. Afunse ku ofesi ya kolejiyo kapena kwa ophunzira a caka caciwiri, pakuti kwina amayamba ndi Python, kwina Java, kwina C. Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991, ndi yaulere, ndipo pali mapulogalamu a pa foni oyeserapo. Ya SQL nayo ilipo database yaing'ono yaulere yochedwa SQLite, imene ili kale m'kati mwa foni iliyonse ya Android kapena iPhone. Theka la ola tsiku ndi tsiku lipindula kuposa Loweruka lathunthu kamodzi pa mwezi. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Ndipo asangopenyerera mavidiyo: kupenyerera wina akupalasa njinga sikunaphunzitsepo munthu kupalasa.

Cacisanu, apeze mnzake wophunzira naye, pakuti mutu umodzi susenza denga. Colakwa cimene wacifuna maola atatu, mnzako amaciona pa mphindi imodzi.

Tinenenso kwa makolo a atsikana, popeza ena amayesa kuti maphunzirowa ndi a anyamata okha. Mmodzi mwa anthu oyamba kulandira digiri ya udokotala wa sayansi ya makompyuta ku America anali sisitere, Mary Kenneth Keller, pa University of Wisconsin mu 1965. Mwana wanu wamkazi akalandira kalata yotere, musamuuze kuti adikire mlongo wake.

Nanga ng'ombe ija?

Laputopu idzafunika ndithu, pamenepa tisanamizane. Koma mapulogalamu a caka coyamba ndi ang'onoang'ono, ndipo makina ogwirapo kale nchito, ngati ali abwino, akwanira. Pogula pitani ndi munthu wodziwa. Yang'anitsitsani batire, pakuti tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Onani kuti mabatani onse agwira nchito ndi kuti memory yake ifika 8 GB. Pemphani risiti yolembedwa dzina la wogulitsa, kuopa kugula katundu wakuba ndi kulowetsa mwana m'milandu. Muguleninso kafulashi kosungirako nchito yake, popeza makina amafa ndipo amabedwa. Ndalama yotsalayo muisungire lendi, cakudya ndi mabandulo a intaneti, pakuti mwana wanjala saona kadontho kosowa.

Amai aja tinawauza zonsezi pamaso pa mwana wao. Anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a nshawa, mphakati nao unasonkha kangacepe, ndipo anapeza laputopu yakale koma yamoyo. Ng'ombe zonse ziwiri zikali m'khola. Mnyamatayo amapita kwa aphunzitsi aja Lacitatu lililonse madzulo, ndipo kope la ngongole za amai ake tsopano lili ndi masamba atatu.

Kuseri kwa mzere kuli munthu

Patsala mau amodzi, ndipo ndiwo olemera kuposa onse. Kuyambira Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, pali makina otha kulemba pulogalamu ya kalendala ija m'kuphethira kwa diso. Ciyeso cake n'cacikulu. Kufunsa makina otere kuti akufotokozere pamene sunamvetse, kapena kuti akuonetse pamene walakwa utayesa wekha, kungathandize. Koma kukopera yankho lake ndi kulipereka kwa mphunzitsi monga lako ndi bodza, ndiponso kuli ngati kulemba ganyu munthu woti azikudyera nsima: iye akhuta, iwe ugona ndi njala. Tsiku la mayeso likafika, mwana adzakhala yekha ndi mutu wake, ndipo mbuzi za amai ake zidzakhala zitapita.

Tiyang'anenso patsogolo pa mayeso. Ana amene alowa m'maphunzirowa lero ndiwo mawa adzasunga zolembedwa za m'zipatala, za m'mabanki, za m'masukulu, za alimi olandira feteleza ndi za anthu oponya voti. Adzaona matenda a anansi ao, ngongole za azibambo ao, zinsinsi za anthu osawadziwa. Dziko lathu linakhazikitsa mu 2021 lamulo loteteza zolembedwa za anthu, lochedwa Data Protection Act, ndipo ncabwino kuti wophunzira aliyense alidziwe. Koma lamulo lacisanu ndi ciwiri ndi lacisanu ndi citatu, loletsa kuba ndi loletsa umboni wonama, anawaphunzira kale kwa ife pa katekisimu. Wosintha nambala imodzi cifukwa ca ciphuphu waba, ngakhale dzanja lake silinalowe m'thumba la munthu. Wolemba mosasamala, monga tinacitira ife, angalize mwana wosalakwa. Kuseri kwa mzere uliwonse wa pa tebulo kuli munthu wokhala ndi dzina, ndi banja, ndi mbiri yoti itetezedwe.

Acinyamata athu ali ndi nkhoswe kumwamba imene inadziwa nchito yao. Carlo Acutis, amene anabadwa mu 1991 nakulira ku Milan, anadziphunzitsa kulemba mapulogalamu akali mwana, ndipo anagwiritsa nchito luso lake posonkhanitsa mwa dongosolo mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo pa 7 Sepitembala 2025 analengezedwa kukhala Woyera ndi Papa Leo XIV, amenenso anaphunzira masamu pa yunivesiti. Tiwapereke ana athu m'mapemphero ake.

Tsono inu makolo, musadzicepse cifukwa simunakhudzepo kompyuta. Ngati munaphunzitsa mwana kutsiriza mzera umene wayamba kulima, kuwerenga chenji kawiri, ndi kuvomera akalakwa, mwamkonzekeretsa kale kwambiri. Madzulo ano mpatseni pensulo, ndipo mumfunse ngati Febuluwale wa 2100 adzakhala ndi masiku 28 kapena 29, ndi cifukwa cake.

Mulungu adalitse mabanja anu. Tikumanenso pa khonde lomwe lino mwezi wa mawa.